Pini ya Pakhosi pa a Mfundo

Inali seveni koloko m'mawa wa Loweruka, nkhungu isanachoke padamu, ndipo kunalibe mphepo ngakhale yogwedeza tsamba. A Mfundo anatsegula chitseko cha shedi ya kalabu ya maboti n'kukokera pabwalo la simenti ngolo ya boti la dokotala wina, membala wa kalabuyo.

Botilo linali loyendera tanga, chinsalu chachikulu chokankhidwa ndi mphepo. Linali ngati mabwato awiri owonda olumikizidwa ndi zitsulo ziwiri zopingasa, pakati pake atakungapo lona loti anthu azikhalapo. Mlongoti wake unali wautali ngati anthu asanu ataimirirana pamutu, ndipo sukanalowa m'shedi uli chiimire. Choncho Loweruka lililonse a Mfundo ankauimika m'mawa n'kuugonekanso masana dokotala akakhuta kuyenda pamadzi. Anali atagwira ntchito ya maboti pakalabupo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Dzinali analipatsidwa chifukwa cha mfundo zawo za zingwe, zimene sizinkamasuka zokha koma zinkamasuka msanga munthu akafuna.

Ankakhala ndi akazi awo m'chipinda chimodzi kuseri kwa shedi. Chipindacho chinali cha munthu wa maboti, osati cha a Mfundo. Akazi awo ankakolopa m'kalabumo, koma ntchito yokolopa inalibe nyumba. Ndipo aliyense pakalabupo ankadziwa kuti manijala watsopano, amene anali atangotha miyezi inayi, akufuna chipindacho komanso ntchito ya maboti kuti apatse mlamu wake. Mlamuyo anali bambo wa thupi, ankamutcha Mapewa, ndipo pakadali pano ankagona m'chipinda chosungira mipando.

"Choyamba n'chiyani?" a Mfundo anafunsa Mapewa, amene anauzidwa kuti aziphunzira ntchitoyo.

"Kunyamula."

"Choyamba n'kuyang'ana kumwamba." Analoza mawaya a magetsi amene ankadutsa pageti. "Mlongoti ukangopsompsona paja, inu ndi ine tisanduka makala. Kankhani ngolo, isunthe kuno."

"Mawaya ali uko, madala. Kutali."

"Kankhani."

Mapewa anakankha ndi dzanja limodzi, akuyasamula. A Mfundo anaika miyala kumatayala, n'kuzungulira kumbuyo kwa boti kukaona ngati kulibe munthu, galu kapena galimoto. Anagwira mawaya awiri a m'mbali, amene amaletsa mlongoti kugwera kumanja kapena kumanzere, n'kuwayendetsa m'zala kuyambira kumwamba mpaka pansi kuti amve ngati apotana. Waya wachitatu, wakutsogolo, anaumangirira chingwe chachitali, n'kuchidutsitsa pa kagudumu ka kumphuno kwa ngolo, n'kupatsa Mapewa nsonga yake.

Kenako anapisa dzanja m'malaya n'kutulutsa pini yachitsulo, yaitali ngati chala, yomangidwa pa kachingwe kofiira kamene ankavala m'khosi.

"Tsinde la mlongoti limakhala apa," anatero, akugogoda kachitsulo kobulungira ngati dzira kamene kanali pa chitsulo chopingasa chakutsogolo. "Ukaima chilili, umadzigwira wokha ndi kulemera kwake. Koma ukapendekeka, kaya ukukwera kaya ukutsika, chougwira ndi kapini aka basi. Popanda aka, tsinde limadumpha ngati bulu."

"Ndiye bwanji osangoisiya momwemo mpaka kalekale?"

"Pamadzi mlongoti umayenera kutembenuka ndi tanga. Pini ikatsala, chinachake chimathyoka."

Analowetsa pini, n'kukwera palona. Anaika mlongoti paphewa n'kuyamba kuyenda nawo pang'onopang'ono kupita kutsogolo, manja akusinthana, Mapewa akukoka chingwe. Mlongoti unadzuka, unaima. A Mfundo anaukankhabe ndi phewa mpaka Mapewa atakola waya wakutsogolo m'malo mwake. Atatero anawerama, anazula pini, n'kubwezera kachingwe m'khosi.

Kameneka ndiye kanali kaundula wawo. Pini ikakhala pachifuwa, ndiye kuti siili pamlongoti. Pachifuwa pakakhala popanda kanthu, ndiye kuti ili m'malo mwake. Kale ankagwira pachifuwa n'kuyang'ananso ndi maso. Koma kwa zaka zitatu tsopano maso awo anali atachita chifunga, ndipo kanthu kakang'ono ngati pini sankakaona ali chiimire. Izi ankazidziwa ndi akazi awo okha. Dzanja ndi limene linatsala likugwira ntchito ya maso.

Cha m'ma naini manijala analowa m'shedi atanyamula malaya oyera awiri. Dokotala anali ataitana alendo kuti adzadye nkhomaliro pakapinga, ndipo antchito onse anayenera kuoneka bwino. A Mfundo atavula malaya akale, manijala anaona kachingwe kofiira.

"Ichi n'chiyani, madala? Chithumwa?"

"Ndi pini ya boti la adokotala, bwana."

"Pini imavalidwa m'khosi ngati belu la mbuzi?" Anatembenukira kwa mlamu wake. "Alamu, mwaona? Tikati anthu ena akalamba amati tikuwada. Alendo aone zimenezi aziti kalabu ino maboti amayenda ndi mankhwala."

Mapewa anaseka. "Amati ikachoka pakhosi boti limamira."

"Sindinatero," a Mfundo anayankha. "Ndi njira yanga yokumbukira basi. Ndiibisa m'kati mwa malaya."

"Malaya oyera amaonetsa zonse. Katundu wa mamembala amakhala mu ofesi. Bweretsani."

"Bwana, madzulo potsitsa…"

"Ndikupatsani nthawi ikakwana. Kapena mukuganiza kuti ndiidya?"

Anatambasula dzanja. A Mfundo anavula kachingwe n'kukaika m'dzanjamo. Manijala anatuluka akukazunguza pachala, akuimba mluzu.

Tsikulo linali lalitali. Atakankhira boti pamadzi, a Mfundo anatumidwa kunyamula mipando makumi atatu kupita pakapinga, kenako kuibwezanso pakhonde chifukwa akazi a dokotala anati dzuwa lachuluka. Ananyamula makireti. Anaimika maambulera anayi. Mlendo wina anawaitana kuti "agogo" n'kuwatuma kukatola chipewa chake chimene chinagwera m'madzi, ndipo anzake anawomba m'manja a Mfundo atatuluka buluku litanyowa mpaka m'chiuno. M'mawa wonse dzanja lawo linkapita pachifuwa n'kudzidzimuka. Pofika masana linali litasiya kudzidzimuka.

Cha m'ma thu koloko akazi a Mfundo anakolopa mu ofesi. Pini inali patebulo la manijala, pafupi ndi kapu ya tiyi, kachingwe kake katakulungidwa pa cholembera. Anaizindikira, poti kachingweko analuka ndi iwo. Ananyamula kapu, anapukuta pansi pake, n'kuibwezera. Anaganiza zowafunsa amuna awo, koma amuna awo anali kutsidya kwa kapinga atasenza tebulo.

Itangokwana fili koloko kunja kunasintha. Mitambo yakuda inatulukira kuseri kwa mpanda wa damu, mphepo n'kuyamba kugubuduza makapu apulasitiki. Dokotala anabwerera kumtunda mothamanga, nkhope itatuwa. Anakweza boti pangolo n'kulikokera pabwalo. A Mfundo anatsitsa tanga, ndipo poti panalibe nthawi yolipinda, linangounjikana patsinde pa mlongoti. Kunang'anima.

"Tsitsani chinthuchi mphenzi isanachipeze!" dokotala anakuwa.

Manijala anabwera akuthamanga, atagwira ambulera pamutu pa akazi a dokotala. "Madala, changu! Mukudikira kuti tikuimbireni nyimbo?"

"Tidikire mphepo idutse, bwana."

"Mwamva, adokotala? Ndi zimene ndimakuuzani zija. Munthu akatopa ndi ntchito amayamba kulosera nyengo."

A Mfundo anapita pangolo. Anaika miyala kumatayala. Anayang'ana kumwamba, kumawaya a magetsi. Anapita kumbuyo kwa boti n'kuuza alendo awiri amene ankajambula ndi mafoni kuti asunthe, ndipo sanabwerere mpaka atasunthadi. Anamangirira chingwe chachitali ku waya wakutsogolo, anachidutsitsa pa kagudumu, anapatsa Mapewa. Madontho oyamba anali atayamba kumenya lona. Anakwera, anatsamiritsa phewa pamlongoti, n'kupisa dzanja lamanzere m'malaya.

Pachifuwa panalibe kanthu.

"Masulani," anatero.

Mapewa anamasula waya wakutsogolo n'kuyamba kulekerera chingwe. A Mfundo anabwerera chambuyo phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu, mlongoti ukutsika bwinobwino m'manja mwawo. Utafika pakati, anamva kulemera kukusuntha mwachilendo, ngati munthu amene wamunyamula wadzuka mwadzidzidzi. Anadziwa nthawi yomweyo. Anakumbukira dzanja lotambasula lija, ndi mluzu.

Tsinde linadumpha pa kachitsulo kake n'kuponya tanga m'mwamba. Linadutsa pafupi ndi khutu la Mapewa, amene anataya chingwe n'kudzigwetsa pansi. Mlongoti wonse unatsikira paphewa la a Mfundo, unawapinda palona, nsonga yake n'kukamenya khoma la njerwa la m'mbali mwa bwalo. Kumene kunali alendo awiri aja kunagwa zidutswa za njerwa.

Woyamba kufika anali dokotala. Anadutsa a Mfundo n'kupita kunsonga ya mlongoti, anagwada, anatseka diso limodzi n'kuuyang'ana m'litali mwake.

"Wapindika," anatero. "Taonani. Wapindika ngati nthochi."

Akazi a Mfundo anafika ndi mopu m'manja, anauponya, n'kukwera palona. Amuna awo anali chigonere chammbali, akupuma mofulumira, phewa lamanja litatsika kuposa linzake.

"Adokotala, tawaonani! Chonde!"

Dokotala anabwera, anadina ndi zala ziwiri. A Mfundo anakukuta mano. "Fupa la paphewa lathyoka. Safa nazo izi. Apite kuchipatala, mayi, ine ndine wa mano." Alendo ena anaseka pang'ono, kenako anasiya. Dokotala anayang'ana patsinde. "Pini ili kuti? Anatsitsa popanda pini?"

Manijala anali atapita mu ofesi kukatenga bokosi la mankhwala. Akazi a Mfundo anamuona akubwerera, bokosi kudzanja limodzi, dzanja lina atalifumbata. Anakwera palona, anagwada pakati pa iwo ndi amuna awo, msana wake utatchinga anthu.

"Timasule mabatani apume bwino," anatero mokweza. "Pepani, madala, pepani." Manja ake anachedwa pakolala. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, akukoka kachingwe kofiira kuchokera m'malaya oyera, pini ikulendewera kunsonga. "Adokotala, pini yanu si iyi? Ili pakhosi pawo."

Mvula inkamenyabe lona.

"Inali mu ofesi," a Mfundo anatero, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Munaitenga m'mawa."

"Ine? Alamu, munalipo m'mawa. Ndinatenga chinthu kwa achikulirewa?"

Mapewa anali akusisita khutu. Anayang'ana pansi. "Ine ndinangoona malaya."

"Mutu sukugwira," manijala anauza dokotala motsitsa mawu, koma moti aliyense amve. "Ndi maso omwe, ndakhala ndikuwaona. Amapapasa zinthu. Ndimangowamvera chisoni."

Dokotala anatenga pini, anaiyang'ana, n'kuiponyera manijala. "Munthu ameneyu asadzakhudzenso boti langa."

Lolemba m'mawa, akazi a Mfundo asanatunge madzi okolopera, manijala anawaitanira mu ofesi. Sanawauze kuti akhale. Patebulo panali kapu ya tiyi ndi cholembera.

"Achikulire agona bwanji?"

"Sanagone."

"Zimatero, mafupa a ukalamba." Anamwa tiyi. "Komiti ikumana Lachitatu. Ntchito ya maboti yatha, zimenezo musavutike n'kufunsa. Chatsala n'chipinda. Mwa lamulo muyenera kutuluka pofika Lachisanu."

"Ndinaiona, bwana. Inali apo, pafupi ndi kapu. Thu koloko."

"Munaona chiyani?"

"Pini. Kachingwe ndinaluka ndine."

Manijala anamwetulira ngati munthu amene wamva nthabwala yakale. "Mayi, inu mumakolopa pansi. Maso a wokolopa amakhala pansi. Za patebulo mukaziona, komiti idzafunsa kuti munkafuna chiyani patebulo la manijala, ndipo zinthu zakhala zikusowa muno." Anaika kapu pansi. "Koma ine si chilombo. Mlamu wanga angathe kupirirabe kumipando kuja miyezi ingapo. Ndingauze komiti kuti chipinda chikhale cha wokolopa, achikulire azichira momwemo, azimuuzako mnzawoyo za zingwe. Zimenezo zingatheke ngati Lachitatu kulibe nkhani zambirimbiri. Mwandimva?"

"Ndamva."

"Pansi pa tebuloli simunakolope bwino Loweruka."

Akazi a Mfundo anapeza amuna awo atakhala pabedi, mkono utakolekedwa pansalu, akuyesa kumanga batani ndi dzanja lamanzere. Anawamangira, n'kuwafotokozera zonse, osasiya ngakhale mawu a pansi pa tebulo.

"Lachitatu ndikanena," anatero pomaliza. "Andichotse ngati akufuna."

"Mukanena kwa ndani?"

"Kwa komiti."

"Wapampando wa komiti ndi dokotala. Yemwe uja wa nthochi."

"Ndiye ndimeze? Munthu wakuvekani bodza m'khosi anthu akuona, inu muli gone ngati mbuzi yomangidwa, ndiye ndimeze?"

"Tipita kuti Lachisanu, mayi? Kwa mwana wathu? Chipinda chimodzi, ana atatu, ndi mkamwini amene amatipatsa moni akuyang'ana foni?"

"Bola kumeneko."

"Si bola. Mukudziwa."

Akazi awo anakhala pampando wokhawo wa m'chipindamo. Panja wina ankakoka ngolo pasimenti, matayala akulira.

"Komanso," a Mfundo anatero, "akandifunsa kuti munayang'ana patsinde musanatsitse, ndiyankha chiyani? Sindinayang'ane. Ndinagwira pachifuwa."

"Chifukwa anakulandani!"

"Anandilanda naini koloko. Ndinatsitsa fili koloko. Ndinali ndi maola sikisi oti ndikumbukire." Anasuntha mkono n'kutseka maso kanthawi. "Akanakhala kuti alendo aja sanasunthe, bwenzi tikukamba zina."

"Ndiye mwamukhululukira."

"Sindinatero. Ndati musakanene."

Kunamveka kugogoda, ndipo chitseko chinatseguka asanayankhe. Anali Mapewa, atavala malaya oyera. Pamwamba pa malayawo, poonekera, panalendewera pini pa kachingwe kofiira.

"Mwadzuka bwanji, madala? Mayi." Maso ake anayendayenda m'chipindamo, pazenera, pakabati, pamene panali bedi, ngati munthu woyeza ndi maso. "Abwana akuti kuyambira lero pini izikhala pakhosi pa wa maboti. Alemba papepala, amata pashedi. Akuti ndi lamulo latsopano la chitetezo."

Akazi a Mfundo anatsegula pakamwa. Amuna awo anawayang'ana, ndipo anatseka.

"Kwabwera membala wina ndi boti ngati lomwe lija," Mapewa anapitiriza. "Akufuna tiimike mlongoti. Ndiye patsinde paja pali mabowo awiri. Pini imalowa bowo liti?"

A Mfundo anayang'anitsitsa kachingwe kofiira kaja, moti Mapewa anayamba kukanda khutu lija.

"Lakumbuyo," anatero. "Koma choyamba n'chiyani?"

"Kuyang'ana kumwamba."

"Ndipo mukagwira pachifuwa, muweramenso muione ndi maso. Inu maso muli nawo."

Mapewa anatuluka osatseka chitseko. Akazi a Mfundo anadzuka, anakonza pilo kumsana kwa amuna awo, anaika kapu ya madzi kumbali ya dzanja lamanzere. Sanawayang'ane kumaso. Anatenga ndowa kuseri kwa chitseko, anatungiramo madzi pampopi wa pashedi, n'kukayambira kukolopa pakhonde, pamene matope a Loweruka anali ataumirapo.